Tikwere Mapiri a Dedza ndi Ntcheu Tikasake Mabikoni Akale a Malire

[Chithunzi: m'mawa pa msika wa Lizulu. Matumba a kachewere ndi milu ya kabichi m'mbali mwa msewu wa M1, minibasi ikuima.]

Moni nonse amene mukutionera. Ngati munayendapo pa msewu wa Lilongwe kupita ku Blantyre kudzera ku Ntcheu, pano mukupadziwa. Pa Lizulu. Ambiri timatsika, kugula kachewere ndi anyezi, n'kukweranso. Koma taimani kaye muyang'ane kum'mwera, komwe galimoto zikulowera. Dzanja lanu lamanzere ndi Malawi. Dzanja lamanja, kungodumpha phula, ndi Mozambique, dera la Angonia. Palibe mpanda, palibe mtsinje, ndipo mayi wogulitsa tomato tsidya ilo akuyankhani m'Chichewa chomwechi. Ndiye anaika malire pano ndani, ndipo anasiya chizindikiro chanji? Zizindikirozo, zimene timati mabikoni, zilipo. Zili m'mapiri, zina m'thengo, zina pakati pa mizere ya chimanga. Lero tikwera kukazisaka.

[Chithunzi: mapu akale a dera lino.]

Tiyambe ndi mkangano umene unabala mzerewu. M'zaka za m'ma 1880 Apwitikizi ankafuna dziko lonse lochokera ku Angola mpaka ku Mozambique likhale lawo, kuphatikizapo chigwa cha Shire. Koma amishoni a ku Scotland anali atakhazikika kale ku Blantyre kuyambira 1876, ndipo Angerezi sanafune kuwasiya m'manja mwa Apwitikizi. Mu 1889 msilikali wa Chipwitikizi, Serpa Pinto, anakwera ndi gulu lake m'chigwa cha Shire n'kumenyana ndi Amakololo. Pa 11 Januwale 1890 boma la Britain linalamula Portugal kuti ichotse asilikali ake, apo ayi kuipa. Portugal inagonja, ndipo pa 11 Juni 1891 maiko awiriwa anasainirana pangano ku Lisbon. Palibe mfumu ya kuno imene inakhala nawo pa zokambiranazo.

Chimene chimandikoka mtima m'panganoli ndi momwe anafotokozera malire a kumadzulo. Kum'mwera zinali zosavuta kulemba: tsatirani pakati pa mtsinje wa Ruo mpaka pomwe ukuthira mu Shire, kenako tsikani ndi Shire. Koma kumadzulo kuno analemba kuti malire adzatsata msana wa mapiri pomwe madzi amagawikana, ena kupita ku Zambezi, ena ku Shire ndi ku nyanja ya Malawi, mpaka kukafika pa madigiri 14 kum'mwera kwa ikweta, cha ku Mchinji uko. Kunena kwina, woweruza wa malire athu ndi mvula.

[Chithunzi: wofotokoza waima pa msana wa phiri, botolo la madzi m'manja. Akuthira pansi.]

Taonani. Ndikathira madzi apa n'kutsetserekera kum'mawa, apita m'timakhwawa timene tikathere m'mitsinje ngati Livulezi, Rivirivi kapena Lisungwi, ndipo mapeto ake ndi nyanja yathu kapena Shire. Ndikasuntha mapazi ochepa n'kuthiranso, madzi akatsetserekera kumadzulo, amenewo ndi a Revubue, mtsinje umene ukathira mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete. Ku Dzalanyama nkhani ndi yomweyo: mtsinje wa Lilongwe, umene anthu a mu likulu amamwa, umayambira pa mapiri amene kuseri kwake ndi Mozambique. Munthu wosaka bikoni akamvetsa izi, theka la ntchito watha. Simuyendayenda m'thengo mwachisawawa. Mukwera mpaka khwawa limene mukulitsatira lithe, muyang'ane pomwe khwawa la mbali inayo likuyambira, ndipo pakati pa awiriwo ndi pomwe muyenera kutsegula maso.

Ndi chifukwa chakenso msewu ndi malire zimayendera limodzi mtunda wautali pakati pa Dedza ndi Ntcheu. Wolambula msewu amakonda msana wa phiri, poti palibe mitsinje yoti amangepo milatho. Woyeza malire nayenso anauzidwa kutsata msana womwewo. Anakumana pamenepo.

[Chithunzi: gulu likukwera m'njira yopapatiza, udzu wofika m'mapewa.]

Pangano ndi pepala chabe. Panafunika anthu oti akwere mapiriwa n'kusonyeza pansi penipeni kuti mzere uli apa. Patapita zaka zingapo, oyeza malo a mbali ziwirizi anayenda limodzi n'kumaika zizindikiro pa zitunda ndi pa mipata ya mapiri. Ine ndikamakwera njira ngati iyi, thukuta lili kamukamu, maganizo anga sakhala pa azungu amene maina awo analembedwa m'mabuku. Amakhala pa amtengatenga. Amene anasenza mahema, zida zoyezera ndi ufa, amene analambula tchire ndi zikwanje, amene anatola miyala n'kuiunjika, anali agogo athu a m'midzi yomwe ino. Manja amene anaunjika mulu wogawa mudzi anali manja a eni mudziwo.

Ndiye mukafika mupeza chiyani? Zizindikiro zakale kwambiri zinali milu ya miyala basi. Mulu wotere patatha zaka zoposa 100 umaphwasuka, umamera mitengo, umafanana ndi mulu uliwonse umene mlimi anaunjika pokonza munda. Pambuyo pake kunabwera zipilala za simenti, zimene anthu timangoti mabikoni, monga timatchulira aja a pa puloti m'tauni. Zina zili ndi nambala. Nambalayo ndi yofunika kuposa china chilichonse, chifukwa mabikoni amatsatana, ndipo mukapeza imodzi mumadziwa kuti inzake ili kutsogolo pa msana womwewo, kawirikawiri pa malo okwera poti woyeza akanatha kuona kuchokera pa yoyambayo. Choncho mukaima pa bikoni, musathamangire kutsika. Zungulirani ndi maso, mudzifunse kuti mukanakhala inu woyezayo, chitunda chiti mukanasankha.

Chenjezo limodzi. Si chipilala chilichonse cha pamwamba pa phiri chimene chili cha malire. Pa nsonga zambiri pali zipilala zimene oyeza malo ankagwiritsa ntchito pojambula mapu a dziko. Pa Sapitwa, nsonga ya Mulanje yotalika mamita 3,002, pali choterocho, koma Sapitwa yense ali m'Malawi, ndipo malire a kumeneko ali pansi, pa mtsinje wa Muloza. Phiri la Dedza nalonso, la mamita pafupifupi 2,200, ndi lathu lonse. Ubwino wake ndi woti mukakwera pamwamba pake kunja kutayera, mumaona Angonia yense ali tantha, ndipo mumamvetsa kaonekedwe ka dziko musanayambe kusaka.

[Chithunzi: kuchokera pamwamba, kamera ikuyang'ana kumadzulo, midzi ndi minda mbali zonse.]

Apa ndichedwepo pang'ono, chifukwa ndi pamene nkhaniyi imandipweteka. Kumadzulo uko, m'dziko la Mozambique, kuli phiri la Domwe. Kumeneko ndi kumene Angoni a kwa Maseko anakhazikika, ndipo Inkosi Chikuse inkalamulira dera lonseli, mbali ino ndi iyo. Chikuse anamwalira mu 1891, chaka chomwe pangano linasainidwa. Mwana wake, Gomani woyamba, anakana kugonjera Angerezi ndipo anamupha mu 1896. Ufumu umodzi unapezeka uli pansi pa maboma awiri, wina wolankhula Chingerezi, wina Chipwitikizi, aliyense ndi msonkho wake. Achewa ndiye anagawidwa patatu. Ichi n'chifukwa chake mwezi wa Ogasiti anthu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia amasonkhana ku Mkaika, ku Katete m'dziko la Zambia, pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Amadutsa mabikoni kupita kwa mfumu yawo.

Maiko ambiri a mu Africa atalandira ufulu, atsogoleri awo anakumana ku Cairo mu 1964 n'kugwirizana kuti malire amene atsamunda anasiya asasinthidwe. Ine ndimaona kuti anachita bwino, ngakhale mzerewo unalembedwa mopanda chilungamo, poti kuyambanso kugawana kukanakhetsa magazi. Ndipo anthu a m'malire anasonyeza kuti ubale wawo sunaduke. Nkhondo ya pachiweniweni itakula ku Mozambique, imene inatha mu 1992, anthu pafupifupi 1 miliyoni anathawira kuno, ambiri a iwo ku Dedza, Ntcheu, Mwanza ndi Nsanje. Ochuluka anafikira kwa achibale, kupatsidwa pogona ndi kamunda. Mukacheza ndi achikulire a m'midzi ino, nkhani ya bikoni siichedwa kusanduka nkhani ya nthawi imeneyo. Apatseni mpata, musawadule.

[Chithunzi: gulu lakhala pansi pa bwalo la mfumu, zipewa zili m'manja.]

Izi zikutifikitsa pa chinthu chimene sindichita nacho manyazi kubwereza. Musakwere musanalonjere a mfumu. Gulu la alendo lonyamula makamera, likuyenda m'malire n'kumaloza pansi, limadzetsa mantha, ndipo manthawo ali ndi chifukwa. Kuyambira pomwe bungwe la African Union linakhazikitsa ndondomeko yotsimikizira malire mu 2007, maboma a Malawi ndi Mozambique akhala akuyendera mzerewu ndi zida zamakono, kukonza mabikoni owonongeka ndi kuika atsopano pakati pa akale. M'madera ena anthu anadzidzimuka kumva kuti munda umene banja lalima kuyambira kalekale uli mbali inayo. Ndiye mlendo akafunsa za bikoni, mwini munda amayamba waganiza za munda wake. Khalani pansi, nenani kuti ndinu ndani, fotokozani kuti simunabwere kudzayeza. Pemphani a mfumu akupatseni munthu wokuperekezani, ndipo mumulipire bwino. Safunsa anadya phula. Mnyamata woweta ng'ombe amadziwa pomwe pali simenti m'tchire kuposa mapu a pa foni yanu, amene mzere wake ukhoza kuphonya ndi mamita angapo.

Nthawi yabwino ndi kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, udzu utauma kapena utapsa. Mukapita mu Epulo kapena Meyi, mutha kudutsa bikoni pa mtunda wa mapazi atatu osaiona, ndipo chitedze chikupatsani phunziro. Juni ndi Julayi kuno kumazizira koopsa, nkhungu imatsika mwadzidzidzi n'kubisa msana wonse wa phiri, pamene msanawo ndiwo mukuutsata. Nyamukani m'mamawa. Tengani madzi okwanira, chifukwa paja mukuyenda pomwe mitsinje imayambira, osati pomwe imadzaza. Valani nsapato zotseka ndi buluku lalitali, ndipo musalowetse dzanja m'mulu wa miyala: njoka zimakonda momwemo. Chiphaso cha unzika chikhale m'thumba. Kuzungulira bikoni si kulowa m'dziko la eni, koma mukafuna kupitirira mpaka ku tauni ya Ulongwe kapena ku Domwe, dzerani pa chipata, cha Dedza kapena cha Biriwiri, ndi pasipoti yanu. Ndipo ngakhale Mozambique inalengeza mu 2015 kuti yachotsa mabomba okwirira onse amene ankadziwika, chitsulo chachilendo chimene mwachiona pansi musachigwire. Uzani wokuperekezani.

[Chithunzi: chipilala cha simenti chosweka pamwamba, pambali pake dzenje.]

Ichi chimandimvetsa chisoni. M'madera ambiri a Africa kuli mphekesera yoti pansi pa mabikoni azungu anakwirira chuma. Anthu amakumba usiku, amaswa simenti, ndipo amapeza dothi ndi miyala. Bikoni ikachoka pamalo pake, imene yatsala ndi mikangano, chifukwa aliyense amaloza pomwe akukumbukira, ndipo kukumbukira kwa anthu awiri olimbirana munda sikufanana. Lamulo loyendetsa ntchito yoyeza malo limaletsa kuzula, kusuntha kapena kuwononga bikoni. Inu mukaipeza, musaipente, musalembepo dzina, musaonjezere mwala pa mulu wakale. Palani udzu ndi manja kuti nambala ioneke, jambulani mbali zonse zinayi, lembani tsiku ndi dzina la mudzi wapafupi. Ikakhala yosweka, uzani a mfumu, ndipo iwo adziwitse ofesi ya boma yoona za malo.

[Chithunzi: dzuwa lapendeka. Wofotokoza wagwada pa bikoni, akupukuta fumbi pa nambala.]

Nayi ya lero. Kumanja kwanga munda wa kachewere, kumanzere munda wa kachewere, mizere yake yalimidwa mofanana, ndipo utsi wa m'midzi iwiriyo ukukwera nthawi imodzi. Inzake iyenera kukhala pa chitunda icho, chimene chili ndi mtengo wa msuku pamwamba, koma dzuwa latithera ndipo a mfumu atiuza kuti tibwerere kusanade. Tidzayambira pomwepo m'vidiyo yotsatira. Ngati kwanu kuli bikoni yotere, ku Tsangano, ku Neno, ku Mchinji kapena ku Muloza, tiuzeni dzina la mudzi ndi nambala imene yalembedwapo. Tiyeni titsike.