Kasitima kanu kasakagwe pansi: kutchinga m'mphepete mwa thebulo

Moni nonse, takulandiraninso. Lero tikamba za m'mphepete mwa thebulo lomwe mwayalapo njanji ya kasitima kachidole, chifukwa kasitima kakachoka pa njanji pakati pa thebulo palibe nkhani, mumangokadzutsa basi, koma kakachokera m'mphepete ndiye kakutsika mita yathunthu mpaka pansi, ndipo injini ya HO, womwe ndi muyezo wa tisitima tochepa ka 87 poyerekeza ndi sitima yeniyeni, mkati mwake muli chitsulo cholemera, ikamenya pansi zolumikizira mabogi zathyoka, timasitepe tauluka, mwina ndi mota yomwe yasuntha.

(Kamera ionetse pakona pa njanji)

Onani apa. Malo oopsa kwambiri ndi pakona, osati pamene njanji yawongoka. Sitima ikalowa pakona ikuthamanga imafuna kupitirira kunja, ndiye ngati kunjako kuli m'mphepete mwadziwa kale komwe ikupita. Ine ndimati siyani masentimita 5 mpaka 8 pakati pa njanji ndi mapeto a thebulo, kuti bogi ikagwa chammbali ipeze pogonera. Ambiri safuna zimenezi, amafuna kona yaikulu ikwane pathebulo laling'ono ndiye njanji amaikankhira kumapeto kwenikweni, chabwino, koma mukatero chotchinga ndiye musachiiwale.

Chotchinga chomwe ndimakonda ndi pulasitiki yoonekera ija ya acrylic, ena amati plexiglass, yochindikala mamilimita 3. Pa HO, yomwe ndi 1:87, ikatalika masentimita 6 kapena 7 pamwamba pa njanji yakwana, pa N ya 1:160, muyezo wa tisitima tochepa kuposa ta HO, yofupikirapo ndi bwinobwino. Sitima mukuionabe ikudutsa. Koma pobowola samalani, acrylic imang'aluka msanga, bowolani pang'onopang'ono, bowo likhale lokulirapo kuposa sikuluu, ndipo musamange mwamphamvu ngati mukumanga tayala la galimoto. Polycarbonate siing'aluka choncho koma imakandika msanga. Amene pulasitiki imawanyansa pojambula zithunzi, kwezani thabwa lakutsogolo kwa thebulo lipitirire pang'ono pamwamba, kapena pangani kamtunda ka fomu, ngati siponji yolimba ija, mubzalepo timitengo ndi tizitsamba, kamagwira ntchito yomweyo ndipo kamaoneka ngati malo enieni.

Kumapeto kwa njanji yosapitirira ikani bampa yolimba, yomangidwa ndi sikuluu, osati yongomata ndi guluu pang'ono.

Tsopano funso ndi loti sitimayo ikuchokeranji pa njanji poyamba. Nthawi zambiri ndi mabogi opepuka. Mukaika bogi yopepuka kutsogolo, yolemera kumbuyo, pakona injini ikakoka yopepukayo imakokedwera mkati mwa kona n'kugwa. Bungwe la NMRA la okonda tisitima totere ku America lili ndi muyezo wake wa HO, bogi yotalika masentimita 15 izilemera pafupifupi magalamu 113, ndiye yesani pasikelo, yopepuka muimatire tizitsulo mkati. Muonenso mawilo ngati atalikirana bwino ndi polumikizira njanji ngati palibe kampata.

(Kamera ipite pa kamlatho kotsegula)

Koma apanso ndi pomwe sitima zimathera, ndipo pulasitiki siikuthandizani. Kamlatho kotsegula kaja, komwe mumakweza kuti mudutse kulowa mkati mwa malo ozunguliridwa ndi njanji. Mwakweza, foni yalira, mwaiwala kutsitsa, sitima ikubwera, basi yatsika m'phompho. Musadalire kukumbukira kwanu ayi. Dulani njanji mbali zonse ziwiri za mlatho kuti pakhale chigawo chakechake cha magetsi, ndiye waya wa chigawocho udutse pa kaswitchi kakang'ono komwe kamadinidwa ndi mlathowo ukakhala pansi. Mlatho ukakwera, kaswitchi kamasuka, magetsi azima, sitima yaima isanafike pampata.

Chigawo chozimacho chikhale chachitali kuposa injini yanu yaitali kwambiri, ndipo muganizirenso sitima yobwerera chambuyo, pamene mabogi ali patsogolo injini ikukankha, chifukwa mabogiwo agwa kale injini isanafike pozimapo, ndiye chigawocho chizikwana sitima yonse. Komanso amene muli pa DCC, njira ya digito yoyendetsera injini iliyonse payokha, ndipo munaika capacitor ija yosunga moto mu injini, dziwani kuti injiniyo imayendabe kwa timasekondi magetsi atazima. Iyeseni mlatho uli m'mwamba, pa liwiro lomwe mumayendetsa tsiku lililonse, dzanja lanu lili pampatapo kudikirira, muone pomwe yaimira kenako muwonjezere chigawocho ngati yafika pafupi kwambiri.