Makalata a Omvera: Zipata za e-toll ndi Makompyuta a ku Capital Hill

Kalata yoyamba madzulo ano yachokera kwa bambo wina wa ku Rosettenville mumzinda wa Johannesburg ku South Africa, kwawo ku Mangochi, amene amayendetsa lole yonyamula katundu. Alemba motere: "Tsiku ndi tsiku ndimadutsa pansi pa zipata zachitsulo za e-toll pa msewu wa N1, ndipo ndikakweza maso n'kuona makamera atandandalikana pamwambapo, mtima umandiwawa, chifukwa zida zodula chonchi sizikutoleranso ndalama. Kodi ngongole yake akulipira ndani?"

Zikomo bambo, ndipo yankho lake ndi lakuti tikulipira ndi ife tomwe. Bungwe loyang'anira misewu ikuluikulu ya ku South Africa la SANRAL linayamba kulipiritsa e-toll, njira yolipiritsa galimoto pamsewu kudzera m'makina a pazipatazo, mu Disembala 2013 pofuna kubweza ngongole yokonzera misewu ikuluikulu ya Gauteng. Misewuyo inakonzedwadi, zimenezo tisakane, koma eni galimoto ambiri anakana kulipira ponena kuti sanafunsidwe mokwanira, mpaka boma linaimitsa kulipiritsako mu Epulo 2024. Ngongoleyo sinathere pomwepo ayi. Boma la dziko lonse linasenza 70 peresenti, chigawo cha Gauteng n'kusenza 30 peresenti, ndipo zonsezi zikuchokera mu misonkho, kuphatikizapo VAT ya 15 peresenti imene inu ndi ine timapereka tikamagula sopo, ngakhale mayi amene sanagwirepo chiwongolero. Chimene chimandipweteka ine n'chakuti anthu anachenjeza kulipiritsako kusanayambe, koma boma linapitirizabe.

Mayi wina wa ku Yeoville, ku Johannesburg komweko, amene amasoka zovala, afunsa mwachidule kuti: "Kodi kumudzi ku Malawi boma likamagula makompyuta ambiri, kuba sikungathe?"

Mayi, ndikanakonda kukuyankhani kuti inde, koma tikumbukire Cashgate ya mu 2013. Ndalama zija zinabedwa kudzera mu IFMIS, njira ya pakompyuta yolipirira zinthu za boma, imene inaikidwa n'cholinga chenicheni choteteza chuma cha dziko. Anthu amene anali ndi mwayi wolowamo ankalemba malipiro a makampani amene sanaperekepo katundu aliyense, cheke chikatuluka n'kufufuta zimene analembazo. Akatswiri ofufuza za chuma a Baker Tilly anapeza kuti ndalama pafupifupi K13 biliyoni zinasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, ndipo mayiko otithandiza anaimitsa thandizo lawo la ku bajeti. Ena mwa okhudzidwa anaweruzidwa n'kulowa m'ndende, koma chilonda chake chinamveka mpaka kwa odwala m'zipatala za kumidzi.

Choncho mukamalankhula ndi abale kumudzi, auzeni kuti phungu wawo akabwera kudzanyadira makina atsopano, amufunse kuti ndi anthu angati amene ali ndi mphamvu yofufuta malipiro m'makinamo, ndiponso kuti lipoti la mkulu wolondoloza chuma cha boma lanenapo chiyani.