Chipata cha mitembo pomwe ndinkabisala mvula

Moni nonse kumudziko, ndi inu amene muli nane kuno kozizira. Ndi ine uja wa ku Beckenham, kumwera kwa London. Lero ndikuululirani chinthu chomwe mayi anga atachimva akhoza kundiitanira abusa.

Pa tchalitchi cha St George pali kachipata ka matabwa, ka denga lake, ngati kachisakasa. Mvula ikandipeza pochokera ku ntchito ndinkaima pamenepo, nthawi zina ndikudya buledi wanga. Miyezi ingapo ndithu. Tsiku lina ndinawauza agogo amene ndimawasamalira, iwo kuseka mpaka kutsokomola. Akuti dzina lake ndi lychgate, ndipo "lych" m'Chingerezi chakalekale ndi mtembo. Kale, anthu wamba asanayambe kuikidwa m'mabokosi, mtembo unkabwera wokulungidwa m'nsalu. Onyamula ankautula pansi pa dengalo kudikira wansembe, poti buku la mapemphero la 1549 linkalamula kuti wansembe achingamire maliro polowera. Zipata zina zili ndi mwala pakati wotulirapo chitanda, ndi mipando m'mbali ya adzukulu awo.

Ine buledi kukhosi anakana kutsika. Kwathu kumanda munthu sungangopita wekha popanda amfumu kudziwa. Kuno manda azungulira tchalitchi, anthu nkumadutsamo ndi agalu.

Mawa lake ndinabwererako, mantha ndili nawo, koma maso a mwana wa kalipentala anandikoka. Mizati yake ndi ya mtengo wa oak, yothimbirira, yong'aluka m'mitsempha, koma kugogoda ili gwa! Polumikiza mtanda ndi mzati amisiri ankasema mphako, nkulowetsamo nsonga ya mtandawo, kenako kukhomera chikhomo chamtengo. Mukachisisita ndi chala mumachimva chitatuluka pang'ono. Pakona pali timitanda topingasa togwira denga kuti lisapendekeke. Bambo anga, amene misomali ikasowa ntchito inkaima, akanakhala pamenepo tsiku lonse.

Cha ku Beckenham chimenechi amati ndi cha zaka za m'ma 1200, ndipo ambiri amachitchula kuti ndicho chakale kwambiri ku England. Zambiri mukaziona m'midzi n'zaposachedwa. Zina anazimanga pokumbukira anyamata omwe anafa pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, mayina atalembedwa pamenepo.

Agogo aja anawonjezanso kuti m'midzi ina pa ukwati ana amamanga chipatacho ndi chingwe, akwati osatuluka mpaka ataponya makobidi. Pelekanipelekani pakhomo la maliro, abale anga!

Mvula ikagwa ndimaimabe pompo. Koma buledi ndimakadyera m'basi.