Diripi ya masabata 8 alionse

Ndikulonjereni nonse amene mukundimvera, kulikonse kumene muli. M'gawo la lero ndikamba za matenda a m'matumbo otchedwa Crohn, amene ndinawadziwira kuno ku England, komanso za mankhwala amene ndimalandira kudzera m'diripi, popeza ambiri mwa inu mwakhala mukundifunsa chimene chinandiwondetsa chonchija.

Zinayamba ngati kutsegula m'mimba wamba. Kenaka ndinayamba kuona magazi ndikapita kukadzithandiza, m'mimba munkapota cha kumunsi kumanja, ndipo lamba wanga ndinachita kumuboola kawiri kuti thalauza isamagwe. Madokotala atalowetsa kakamera m'matumbo, anapeza zilonda pamene matumbo aang'ono amalumikizana ndi aakulu. Zilonda za pamalo amenewa zimafanana kwambiri ndi za TB ya m'matumbo, choncho munthu wokulira kudziko kumene chifuwa chachikulu n'chofala, monga ine, sangauzidwe msanga dzina la matenda ake. Anatapa timinofu n'kupita nato ku labotale, ndipo patapita masabata angapo anatsimikiza kuti ndi matenda a Crohn, amene amadziwika ndi dzina la Burrill Crohn, dokotala wa ku New York yemwe anawafotokoza pamodzi ndi anzake mu 1932.

Anamwino amene amandisamalira, mayi oleza mtima kwabasi, ndi amene anandimasulira zimene zinkachitika m'thupi mwanga. Asilikali a m'thupi amatumizirana mauthenga kudzera m'timapuloteni totchedwa cytokine. Kamodzi mwa timeneti ndi TNF, ndipo ntchito yake ndi kukuwa kuti asilikali ena athamangire pamene pafika mdani. Kwa munthu wodwala Crohn kapena ulcerative colitis (matenda ena otupitsa matumbo aakulu), mfuu imeneyi siileka, moti asilikali aja amayamba kuwononga khoma la matumbo a mwini wake, n'chifukwa chake pamakhala kutupa ndi zilonda zosapola. Mankhwala a infliximab, amene ndimalandira m'diripi, ndi antibody (puloteni yonga imene thupi limapanga polimbana ndi mdani) wopangidwa mwadala kuti agwire TNF uthenga wake usanafike. Luso lopanga ma antibody a mtundu umodzi linatulukiridwa ku Cambridge mu 1975 ndi Georges Köhler ndi César Milstein, koma infliximab anavomerezedwa ku America kuti azithandiza odwala Crohn mu 1998.

Ine ndinkafuna kuyamba diripiyo mawa lake lomwe, koma anandiletsa, ndipo pamenepa m'pamene ndikufuna mumvetsere bwino, makamaka inu abale anga amene muli kunja kuno. TNF yemweyo ndi amene amathandiza thupi kutsekera tizilombo ta TB m'timipanda ting'onoting'ono, mmene timatha kugona zaka zambiri popanda munthu kutsokomola ngakhale kamodzi. Mukamutonthoza TNF, mpanda uja umafooka, ndipo TB imene inagona imatha kudzuka n'kufalikira ngakhale kunja kwa mapapo. Anandijambula pachifuwa, m'mapapo munali mwabwino, koma magazi anasonyeza kuti tizilomboto ndinali nato. Anandiyezanso matenda a chiwindi a hepatitis B. Anandiika pa mapiritsi a rifampicin ndi isoniazid a miyezi 3, ndipo mikodzo inasanduka yofiirira, monga mmene anandichenjezera. Kudikira kumeneko kunandiwawa, pakuti ndinali nditatopa ndi ululu, koma lero ndimaona kuti akanandithamangitsira pa diripi akanandiika pachiswe.

Tsiku la diripi limayamba ndi sikelo, chifukwa mlingo wake umatengera kulemera kwa munthu, mamiligalamu 5 pa kilogalamu iliyonse. Diripi yachiwiri imabwera pakatha masabata 2, yachitatu pa sabata la 6, ndipo kuyambira pamenepo ndi masabata 8 alionse. Ndimakhala pampando waukulu wotsamira, singano ili pamkono, makina akuwerenga madontho, namwino akubwera pafupipafupi kudzandiyeza kuthamanga kwa magazi. Poyamba zinkatenga maola 2. Itadutsa diripi yachiwiri ndinagona usiku wonse osadzuka, chinthu chimene ndinali nditachiiwala.

Mankhwalawa sagwira ntchito kwa aliyense, ndipo ena amawathandiza kwa kanthawi chabe. Kachigawo kena ka infliximab kanachokera ku mbewa, motero thupi limatha kumuona ngati mlendo n'kuyamba kulimbana naye. Pofuna kupewa zimenezi ndimamwanso azathioprine, ndipo nthawi ndi nthawi amandiyeza kuti aone kuchuluka kwa mankhwala amene atsala m'magazi. Bambo ena amene ndinkakhala nawo moyandikana m'chipindamo, infliximab atasiya kuwathandiza, anawasinthira ku ustekinumab, amene amatsekereza ma cytokine ena awiri, IL-12 ndi IL-23. Palinso adalimumab, wolimbana ndi TNF yemweyo, amene munthu amadzibaya yekha kunyumba pa masabata 2 alionse ndipo amasungidwa m'firiji. Ine ndimalandira kudzera mu NHS, bungwe la boma loona za umoyo kuno, mtundu wa infliximab wotsikirapo mtengo wotchedwa biosimilar, umene unayamba kuvomerezedwa ku Ulaya mu 2013.

Moyo wanga wa kuno tsopano umayendera kalendala ya diripiyo. Tchuthi chopita kukaona makolo chiyenera kukwana pakati pa diripi ina ndi inzake, ndipo katemera wokhala ndi tizilombo tamoyo, monga wa yellow fever, sindiloledwa kubayitsa. Lachiwiri likudzali ndibwereranso pampando uja, ndipo singano isanalowe, anamwino aja adzandifunsa monga amachitira nthawi zonse ngati ndikutsokomola, ngati thupi likutentha, komanso ngati ndikutuluka thukuta usiku.