Mphwanga, za kamera ya pa kompyuta ija

Mphwanga, mwaswera bwanji kumeneko? Ndangoweruka kumene, usadabwe ndi phokosoli, ndili pa siteji kudikira takisi. Ndamva uthenga wako, wakuti ukufuna kuoneka pa kompyuta pa intaviyu ya Lachinayi ya pa Zoom, pulogalamu yoyankhulirana pa vidiyo ija, koma pulogalamu ya kamera imene waika ikukuvuta. Koma iwe, wakuuza ndani kuti uziika pa kompyuta chilichonse chimene wachipeza pa intaneti? Chinthu chikulemba dzina lake pamphumi pakocho, n'kumakulipiritsa, chichotse lero lomwe. Kompyuta imeneyo ndinaivutikira ine, kuchokera kuno ku Joni mpaka ku Luchenza, ya katundu yokha pa basi inandiwawa.

Tsono tamvera. Desktop imeneyo ilibe kamera, ndiye pulogalamu yokha singakuonetse nkhope, imafunika diso. Diso lake ndi foni yako. Ika DroidCam, pulogalamu yosandutsa foni kukhala kamera ya kompyuta, ndi yaulere, koma uike mbali zonse, pa foni kuchokera pa Play Store, pa kompyuta kuchokera pa tsamba lawo lenileni, osati zija za anyamata oika nyimbo pa msika. Ulumikize ndi chingwe cha USB, cha chaja chomwecho. Pa foni upite pa Settings, About phone, ugogode pa Build number kasanu n'kawiri, kenako pa Developer options uyatse USB debugging, imene imalola kompyuta kulankhula ndi foni kudzera pa chingwe. Ukatsegula Zoom pa kompyuta, pa Video usankhe DroidCam. Ikapanda kuoneka, tseka Zoom utsegulenso, usachite mantha.

Mnzako uja akuti OBS Studio, sakunama, ndi yabwino, yaulerenso, ndiyo timaulutsira mapemphero ku tchalitchi kwathu kuno, ndipo amene amaiyendetsa ndine, uwauze amayi. Umangodina Start Virtual Camera basi. Koma imeneyo ndi ya anthu ofuna kusakaniza zithunzi ndi malemba, imalemera pa kompyuta yakale, komanso mawu siitumiza. Iwe ukufuna intaviyu ya Lachinayi chabe, isiye kaye.

Eee, mawu! Ndikanaiwala. Mahedifoni a maikolofoni ndinasiya m'chikwama chofiira aja alipo? Kapena aphwako anawamaliza? Uwayese.

Kuno kukuzizira, chiperoni cha kwathu n'chamasewera. Dzulo ndinagula chinanazi, ndalama zambirimbiri, koma kuchidya ngati ukutafuna chinangwa. Ndinangokumbuka za ku Mulanje zija, ungodula madzi chuchuchu m'manja. Ndipo ndamva kuti mwana wa a neba athu uja wakwatiwa ku Bvumbwe, inu osandiuza?

Aaa, kamera. Foni uiyimike chopingasa pa mulu wa mabuku, ifanane ndi maso ako, asamakuone m'mphuno. Ukhale moyang'ana ku windo, windo likakhala kumbuyo uoneka ngati chithunzithunzi. Intaneti utenge pa foni ina, ya amayi, chifukwa wina akakuimbira pakati pa intaviyu chithunzi chiima. Bando ndikutumizira mawa.

Nanga magetsi akazima? Iii, ika Zoom pa foni pomwepo, ikhale yodzaza moto. Lachitatu madzulo tiyesere limodzi, ine ndikhala bwana wofunsa mafunso, uvale shati yoyera ija. Takisi yafika, uwapatse moni amayi.