Kugula kilt ya pa ukwati wa ku Scotland

Moni nonse amene mukuonera. Lero tikukamba za kilt, chovala cha amuna a ku Scotland chimene chimalekezera m'maondo, ndipo tikulankhula makamaka kwa inu amene mukukwatira kumeneko kapena mwapemphedwa kukhala mperekezi wa mkwati.

Kilt yeniyeni imasokedwa ndi nsalu ya ubweya wa nkhosa yotalika mayadi 8, omwe ndi mamita opitirira pang'ono 7. Nsalu yochuluka chonchi imathera kumbuyo, kumene telala amaipinda mwadongosolo kambirimbiri, pamene kutsogolo kumakhala zigawo ziwiri zosalala zosanjikizana. Palinso ma kilt a mayadi 5, opepuka ndiponso otsika mtengo, koma pa ukwati ine ndimalimbikitsa ya mayadi 8, chifukwa kulemera kwake ndi kumene kumachititsa kuti zopinda zija zigwedezeke bwino munthu akamayenda kapena akamavina, kenako n'kubwerera m'malo mwake. Nsalu yolemera ma ounce 16 pa yadi iliyonse (ounce imodzi ndi magalamu pafupifupi 28) ndiyo yolimba kwambiri, ndipo ya ma ounce 13 imathandiza ngati ukwati uli m'miyezi yofunda.

Maonekedwe a mizere yopingasa ya pansaluyo amatchedwa tartan, ndipo ambiri mwa iwo ndi a mabanja akuluakulu monga MacDonald, Campbell ndi Stewart, mofanana ndi momwe chiwongo chimasonyezera kumene munthu achokera. Komabe palibe lamulo loletsa mlendo kuvala kilt. Pali ma tartan ena, monga Black Watch, amene aliyense amavala momasuka, ndipo mkwati wochokera kwina akhoza kuvala tartan ya banja la mkwatibwi, bola ayambe wapempha kwa apongozi ake, pakuti kutero n'kuwalemekeza. Amene akufuna kuona mitundu yolembetsedwa aifufuze mu Scottish Register of Tartans, kaundula amene anakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2008. Anthu a kumeneko amachitenga chovalachi mwaulemu waukulu, ndipo n'zomveka, chifukwa boma la Britain linachiletsa mu 1746 pambuyo pa kuwukira kwa a Jacobite, omwe ankafuna kubwezeretsa banja la Stuart pa mpando wachifumu, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 1782.

Tsopano tifike pa muyeso, pomwe ambiri amalakwitsa. Kilt sikhala pamene pamakhala thalauza, koma imamangidwa m'mwamba, cha pamchombo, choncho nambala ya thalauza lanu musaidalire ngakhale pang'ono. Telala amayeza chiuno pamchombopo, amayezanso pamene thupi lakula kwambiri m'munsi mwa chiuno, kenako kutalika kuchokera m'chiuno kufika pakati pa bondo. Musadziyeze nokha, chifukwa mukawerama kuti muone tepi, muyeso umasintha. Kilt ikaphimba bondo lonse imaoneka yobwereka, ndipo kuifupikitsa itasokedwa kale si ntchito yapafupi. Kumbukiraninso kuti yosokedwa pa muyeso wanu imatenga milungu ingapo, nthawi zina miyezi iwiri kapena itatu ngati nsaluyo iyenera kuwombedwa kaye, motero muyambe kukambirana ndi wosoka tsiku la ukwati likangodziwika.

Kilt siivalidwa yokha. Ilibe matumba, n'chifukwa chake kutsogolo kumapachikidwa kachikwama kotchedwa sporran. Jekete yotchedwa Prince Charlie ndi ya mwambo wapamwamba, makamaka wa madzulo, pamene yotchedwa Argyll kapena ya nsalu ya ubweya yokhakhala yotchedwa tweed imayenera ukwati wa masana. Pamakhalanso masokosi aatali, nsapato za zingwe zomanga mu akakolo, ndi pini imene imabayidwa pa chigawo chapamwamba chokha, osati kulumikiza zigawo zonse ziwiri, kuopa kung'amba nsalu. Kampeni kakang'ono ka sgian dubh kamalowetsedwa musokosi, ndipo ngati mukuyenda pa ndege, kaikeni m'chikwama chachikulu chopita m'malo a katundu.

Kodi mugule kapena mubwereke? Masitolo ambiri a ku Glasgow ndi ku Edinburgh amabwereketsa zovala zonsezi pamodzi, ndipo kwa aperekezi amene adzavala tsiku limodzi lokha, njira imeneyi ndi yanzeru. Koma mkwati amene adzakhazikike ku Scotland, kumene adzaitanidwe ku maukwati ena ndi ku magule a ceilidh, achita bwino kugula kilt yokhayo pa muyeso wake, n'kubwereka jekete ndi zina zonse mpaka ndalama zitapezeka.