Buledi asanyowe: zopaka za nshawa, nyemba ndi kapenta

Nkhani yokambidwa pa msonkhano wa makolo ndi ogulitsa zakudya ku Mtendere, mu Lusaka

Zikomo amayi ndi abambo. Amene muli kumbuyoko sendezani mabenchi kuno, chifukwa zambiri za lero nzoona ndi maso. Patebulopa pali buledi, nshawa, nyemba zogona, kapenta, kotapela (mapeyala) ndi mazira. Palibe chachilendo. Zonsezi mumazipeza pa Soweto Market kapena pa kantemba ka pafupi ndi kwanu.

Tiyambe ndi dandaulo limene mumabwera nalo ambiri: mwana wabwerera kusukulu ndi sangweji yake osaikhudza. Mukatsegula kabokosi, buledi ali phwatata ngati wagwera m'madzi. Ena amati mwanayo ngwamatama. Ayi amayi, buledi wonyowa ngakhale inu simungamudye. Buledi ali ngati siponji, amamwa chinyezi chilichonse chimene wayandikana nacho, ndipo kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka nthawi ya buleki amakhala atamwa zokwanira. Ndiye pa chilichonse chimene tipange lero muzifunsa kuti madzi ali kuti, nanga tiwatsekereza bwanji.

Choyamba kukhudza buledi chikhale cha mafuta: majarini, chiponde kapena kotapela. Mafuta ndi madzi sizigwirizana, choncho mafutawo amakhala ngati pulasitala pakhoma. Pakani mbali zonse ziwiri zamkati, mpaka m'mphepete. Ambirife timaika chibulumwa pakati, m'mbali n'kusiya mouma, ndiye msuzi umalowera momwemo. Supuni yaing'ono imodzi pa kagawo kamodzi yakwana. Ndikamati supuni yaing'ono ndikunena ya tiyi, ya 5 ml. Yaikulu ndi ya 15 ml, ndipo kapu ndi ya 250 ml.

Buledi wake akhale wa dzulo. Wa lero, wofunda, amang'ambika mukamapaka. Ndipo musamusunge mufiriji poganiza kuti akhalitsa, chifukwa kuzizira kwa mufiriji kumamulimbitsa msanga kuposa kumusiya pashelefu. Ngati mukufuna adutse sabata, m'duleni, m'mange mupulasitiki, mumuumitse mufiriza.

Tomato ndiye mfiti yaikulu pa nkhaniyi. Onani apa. Ndadula, ndachotsa njere ndi madzi ake ndi chala, ndawaza kamchere, ndaika pambale. Pakatha mphindi 10 muona madzi atadikha pansi. Madzi amenewo akanathera mu buledi. Mukatero pukutani ndi kansalu koyera, ndipo tomatoyo agone pakati penipeni, pakati pa kabichi wodula mopyapyala ndi chopaka, asagundane ndi buledi.

Tsopano nshawa, kapena mtedza monga amanenera abale athu a ku Malawi. Apa ndichedwapo. Musanakazinge, thirani nshawazo mu lichero musankhe. Yofota, yoboola, yosweka kale, yakuda kapena yokhala ndi chuku, tayani, ndipo musapatse nkhuku. Chuku cha m'nshawa chimapanga poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo moto wokazingira sumupha. Wina akakuuzani kuti "kazingani kwambiri zithera pamoto", akukunamizani. Kaya ndi Chalimbana wa ku Chipata uja wa maso akuluakulu, kaya ting'onoting'ono tofiira, kusankha nkofanana.

Tengani makapu 2. Kazingani m'chiwaya chouma pa makala amene ayamba kuchita phulusa, mukutakasa osaleka, mphindi 15 mpaka 20. Tyolani imodzi muone mkati: ikhale yofiirira pang'ono. Ikadali yoyera, chiponde chimanunkha chiwisi. Ikada, chimawawa, ndipo kuwawako simungakubise ndi mchere. Fikisani m'manja, petani makoko, musinje zikadali zofunda, popeza mafuta amatuluka mosavuta nshawa zisanazizire. Mumtondo ziyamba ngati nsinjiro, kenako zigwirana chibulumwa n'kumakakamira kumunsi. Pamenepa ndi pamene ambiri amatopa n'kuthira madzi. Pitirizani kusinja. Posakhalitsa ziyamba kunyezimira ndi kufewa zokha. Thirani theka la supuni yaing'ono ya mchere, ndipo ngati chalimbabe, supuni yaikulu imodzi ya saladi, mafuta ophikira aja. Chiponde chotere, m'botolo louma lotsekeka bwino, chimakhala masabata angapo. Mafuta akayandama pamwamba sikuti chaonongeka, ingotakasani. Koma supuni yonyowa isalowemo.

Tinazolowera kuti chiponde chimayenda ndi shuga kapena jamu. Lero tichipititsa ku mbali ya ndiwo. Tapani masupuni aakulu 3 muike m'kambale kena. Finyirani supuni yaing'ono ya madzi a mandimu, tsabola wosinja wongotsina ndi zala, ndi anyezi wodula bwinobwino supuni imodzi. Mukangothira mandimu chichita chinthu chodabwitsa, chiuma gwa n'kuchita timibulu. Musachitaye. Chiponde chimatero chikakumana ndi madzi ochepa. Onjezani madzi ofunda owiritsa, supuni yaing'ono imodziimodzi, mukutakasa, ndipo chimasuka n'kusalala. Icho ndi kabichi kapena nkhaka, mwatha. Dziwani kuti ichi tathiramo madzichi ncha lero lokha, sichibwereranso m'botolo.

Nyemba sizivuta. Kabulangeti, Solwezi, zilizonse zimene zatsala dzulo, bola zikhale zinapsa mpaka kufewa. Tsanulani msuzi wonse, muusunge wa nsima. Kazingani theka la anyezi m'masupuni aakulu 2 a saladi, thirani kapu imodzi ndi theka ya nyemba ndi theka la supuni yaing'ono ya ufa wa kale (curry), muzikanya ndi mthiko zili pamoto mpaka zitenthe bwinobwino. Chizindikiro chakuti zafika ndi ichi: kokani mthiko pakati pa chiwaya. Njira ikatsala yoonekera osatsekeka, phulani. Ikatsekeka msanga, madzi akadalimo. Mandimu muthire mutaphula, ndipo muzipake zitazizira. Zotentha zimatulutsa nthunzi, nthunziyo n'kunyowetsa buledi.

Amayi apo akufunsa ngati kapenta sanunkha m'kalasi. Amanunkha ndithu mukamuphika ngati wa nsima, wa msuzi. Wa pabuledi timamuumitsa. Tengani kapu imodzi ya wouma. Wa Siavonga ndi wamng'ono, amasinjika msanga. Wa Mpulungu ndi wamkulupo, ndipo ngati mitu ikukuwawirani idulenidule.   Tsukani mwachangu m'madzi ofunda kawiri kuti mchenga uchoke. Musamuviike nthawi yaitali, amafewa n'kutha kukoma. Muikeni m'chiwaya chopanda mafuta mpaka madzi aume, kenako thirani masupuni aakulu 2 a saladi, akazingike mpaka azithyoka pakati pa zala. Onjezani anyezi ndi tomato mmodzi wochotsa njere, ziphike mpaka mafuta aonekere m'mbali. Sinjani mumtondo, osafika pa ufa, angosweka. Mchere musathire musanalawe, popeza kapenta wambiri amaumitsidwa ndi mchere kale. Finyirani mandimu, amachepetsa fungo. Pa ine, chopaka chokoma kuposa zonse patebulo pano ndi kapenta ameneyu masupuni 2 osakaniza ndi supuni imodzi ya chiponde. Chiponde chimagwira tizidutswa kuti tisamayoyoke, ndipo mwana amadya nsombayo ndi minga yake yomwe, mmene muli kashiamu womanga mafupa.

Kotapela, mapeyala aja, m'modzi wakupsa amakwana masangweji 3 kapena 4. Kanyani ndi foloko, supuni yaikulu ya mandimu, kamchere. Amada chifukwa cha mpweya, ndipo mandimu amangochedwetsa kudako. Zoti mukasiyamo nthanga yake sada, zimenezo nza m'maluwa. Sipada pokhapo pamene nthangayo yaphimba. Konzani m'mawa womwewo.

Mazira wiritsani mphindi 10 kuchokera pamene madzi ayamba kubwata, kenako aponyeni m'madzi ozizira. Mzere wobiriwira uja wozungulira yolk umabwera chifukwa chophikitsa. Sudwalitsa, koma dzira lotere limanunkha m'kabokosi. Mazira 2 akanyeni ndi supuni yaikulu ya majarini kapena theka la kotapela. Mayonezi wogula m'botolo alibe vuto ngati mukumusunga pozizira mutatsegula. Wopanga nokha ndi dzira laliwisi, ameneyo ayi, makamaka kwa ana, amayi oyembekezera ndi okalamba, chifukwa dzira laliwisi limatha kukhala ndi tizilombo todwalitsa m'mimba ta Salmonella.

Apa ndifike pa nthawi, ndipo inu ogulitsa m'misika ndi m'masiteshoni mumvetsere. Tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba timaswana msanga chakudya chikakhala pakati pa madigiri 5 ndi 60. Chikwama cha mwana mu Okutobala wa Lusaka chili mkatikati mwa pamenepo. Za mazira, kapenta ndi nyemba zisapitirire maola 2 zili pofunda, ndipo zikafika maola 4 nzotaya, ngakhale zisakununkha. Mphuno siimva tizilombo. Ngati mwana adzadya mochedwa, mpatseni ya chiponde chosathira madzi, kapena muike kabotolo ka madzi oundana m'kabokosimo. Magetsi akathima tsiku lonse, zopaka za mufiriji musazikhulupirire. Nchifukwa chake miyeso ndakupatsaniyi ndi yaing'ono, ya tsiku limodzi kapena awiri. Ogulitsa, nyamulani zopaka m'mabotolo mu bokosi losunga zinthu zozizira (cooler box), muzipaka kasitomala ataima pomwepo. Buledi sanyowa, ndipo chotsala sichikhala chambiri.

Sangweji sibwereranso pamoto, ndiye chimene chili m'manja mwanu chimapita m'mimba mwa wakudya. Tonse tikukumbuka kolera ya 2017 mpaka 2018, ndi ya 2023 mpaka 2024 pamene odwala ankagonekedwa ku Heroes Stadium. Sambani m'manja ndi sopo, madzi akuthiridwa, osati m'beseni limodzi nonse. Kabichi, tomato ndi nkhaka tsukani ndi madzi owiritsa kapena othira kolorini monga mwalembedwera pabotolo. Thabwa limene mwadulirapo nkhuku yaiwisi lisaone buledi musanalikweche ndi sopo.

Bambo afunsa za kuotcha sangweji pa mbaula. Zimatheka bwino, ndipo ndi njira yopulumutsira buledi wa masiku atatu. Pakani majarini pang'ono kunja, ikani m'chiwaya pa makala ofatsa, tsindikani ndi poto wolemerako pamwamba, mphindi 2 kapena 3 mbali iliyonse. Moto ukachuluka kunja kupserera mkati mukadali mozizira. Nyemba ndi kapenta zimakoma kwambiri zootcha, kotapela ayi, amawawa akatentha. Mukaphula musakulunge nthawi yomweyo. Iimikeni chammbali ipume kaye, apo ayi ichita thukuta mupulasitiki n'kufewa.

Wina wafunsa za chikanda, chija chophika ndi timizu ta m'tchire ndi nsinjiro. Inde, chimalowanso mu sangweji. Chidulenidule mopyapyala ngati polony, pansi pakani kotapela, pamwamba anyezi ndi tsabola. Mchere chili nawo kale.

Poyesa zatsopano musasinthe zinthu zitatu nthawi imodzi, simudziwa chimene chakometsa kapena chaononga. Dulani kagawo ka buledi panayi. Pakona yoyamba pakani chopaka mmene chilili. Yachiwiri onjezani mandimu, yachitatu tsabola, yachinayi anyezi. Lawani pabuledi pomwepo, osati pasupuni, chifukwa buledi amameza mchere ndi zokometsera, ndipo chimene chikumveka chokwanira pasupuni chimazizira chikafika pabuledi. Chikamveka cholemera pakamwa, chikufuna chowawasa. Chikamveka chozizira, kamchere. Chikakhala phalaphala, chikufuna chokukuta, monga kabichi kapena nshawa zosweka. Ndipo chimene chakukomerani, chikulungeni musiye maola 2, mulawenso, popeza mmene chidzakhalire pamenepo ndi mmene mwana adzachipezere.

Tomato wathu uja nayu, onani madzi ali m'mbalemo. Bwerani anayianayi, yambani mwasamba m'manja pa chidebe chili pakhomopo. Gulu loyamba litenge mtondo ndi nshawa, zikadali zofunda.